Udzu M'munda wa Nyemba: Tisamangonenedwa Ulesi

Alimi anzanga, chaka chilichonse pamisonkhano timamva mawu omwewo: akuti nyemba, khobwe ndi nandolo sizibereka chifukwa alimi ndi aulesi, sapalira msanga. Amene amalankhula choncho abwere kumudzi mu Januwale adzaone. Nkhokwe zikakhala zauma, mlimi amadzuka m'mamawa kukapalira munda wa mwini wake kuti ana adye. Pomabwera ku ganyuko, chisoso, khovani ndi dawe zaphimba nyemba zake.

Vuto ndi lakuti mbewuzi sizidikira. Nyemba zimafuna munda woyera masabata 6 oyambirira zitamera, ndipo nandolo amakula pang'onopang'ono poyamba, kotero udzu umamuposa. Mukachedwa nthawi imeneyi, ngakhale mupalire bwanji pambuyo pake, zokolola zapita kale.

Ndiye pabwera ogulitsa mankhwala opha udzu m'misika, ena akuthira m'timabotolo topanda chizindikiro. Mankhwala okhala ndi atrazine ndi a chimanga. Amapha zomera za masamba otambalala, nyemba zomwe. Glyphosate amapha chilichonse chobiriwira, n'chifukwa chake amathiridwa mbewu zisanamere. Kodi wogulitsayo amakuuzani zimenezi? Ine ndaona munda wa mayi wina wamasiye nyemba zitapserera, ndalama ya mankhwala atachita kukongola. Lamulo la mankhwala ophera tizilombo ndi udzu lilipo kuyambira 2000, ndipo bungwe la Pesticides Control Board ndilo loyang'anira. Tikufuna liziyendera misika yakumudzi, ndipo malangizo alembedwe m'Chichewa.

Palinso kaufiti wa maluwa achikasu amene amayamwa mizu ya khobwe, soya ndi mtedza. Njere zake zimakhala m'nthaka zaka zambiri. Akatswiri a ku Bunda anagwira ntchito yopeza khobwe wopirira wotchedwa Mkanakaufiti. Nanga mbewuyo ndi angati mwa ife anaionapo?

Kuyambira 2005 boma lakhala likuika ndalama zankhaninkhani pa feteleza wa chimanga. Mbewu zimene zimatipatsa ndiwo, ndalama ndi chonde m'nthaka zimaiwalika, alangizi nawo ndi ochepa.

Ife tiyambe ndi zomwe tingathe. M'makalabu tizipalira mothandizana, lero kwa uyu mawa kwa uyo. Kaufiti tizule asanachite maluwa, n'kumutentha. Tisagule mankhwala opanda chizindikiro. Zotsalazo tikazinene kwa mlangizi, kwa khansala ndi kwa phungu, tonse pamodzi. Mutu umodzi susenza denga.