Chenjezo: Musayale Dothi la Kumgodi Pakanjira ka Pakhomo

Eni nyumba a ku Sasare, ndi nonse a m'maboma a Petauke ndi Nyimba amene mwakonza nyumba kuti muigulitse, tamverani. Musatenge mchenga, dothi kapena timiyala totayidwa kumalo otsukira golide n'kukayala pakanjira kolowera pakhomo. Ngakhale akupatseni ulere, kanani.

Chokopa chake n'chodziwika. Malata mwasintha, zipupa mwapaka, ndalama zathera m'nyumbamo, ndiye kwatsala kanjira kochokera kumsewu kufika pakhonde, pomwe wogula adzayambire kuponda. Dothi la kumgodi ndi loperapera kale, lopanda udzu, limagwirana bwino mukalithira madzi n'kulitsendera, ndipo ku Sasare, kumene golide anayamba kukumbidwa nthawi ya atsamunda, silisowa. Koma dothi limenelo si la m'munda ayi.

Okumba golide ndi manja ambiri amagwiritsa ntchito mercury, madzi olemera aja onyezimira ngati siliva, kuti agwire tizidutswa ta golide. Mercury yense sabwerera m'botolo. Wina amatsalira m'matope otayidwawo, ndipo dzuwa la Okutobala likawomba amatuluka ngati mpweya wosaoneka, wosanunkha. Amawononga ubongo, mitsempha ndi impso. Munthu amayamba kunjenjemera manja, kutupa nkhama, kuiwalaiwala. Miyala ina ya golide imakhalanso ndi mtovu, ndipo ndi maso simungaisiyanitse ndi inzake.

Za mtovu sitifunika kupita kutali. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezeka ndi mtovu wambiri m'magazi chifukwa cha fumbi la m'mabwalo momwe amasewera. Ku Zamfara, m'dziko la Nigeria, mu 2010, ana oposa 400 anamwalira makolo awo atayamba kupera miyala ya golide pakhomo. Anthuwo sankafuna kupha ana awo. Ankangofuna ya mchere, osadziwa chimene chinali m'fumbimo.

Tsono taganizani amene amakhalitsa pakanjirapo. Si wogula wovala nsapato uja. Ndi mwana wokwawa amene chilichonse amaika m'kamwa. Ndi mayi amene mmawa uliwonse amawerama ndi tsache, fumbi n'kumamulowa m'mphuno, mwinanso ali ndi pakati ndipo mtima ukufuna dothi. Ndi nkhuku zimene zimatola pamenepo, mawa n'kukhala ndiwo. Mvula ya Novembala ikayamba, madzi otsuka kanjirako amalowera kuchitsime, kudimba ndi kumtsinje, ndipo mercury akafika m'madzi amadzaunjikana mu nsomba.

Ena mukuti, "Ndithira simenti pamwamba, basi zatha." Kasimenti kopyapyala kothira mothamangira wogula kamang'ambika mvula isanathe, ndipo pokandira mudzakhala mutapuma kale fumbilo, inu ndi anyamata aganyu. Komanso nyumba sigulidwa tsiku lomwe mwaitsatsa. Mungakhalemo chaka china ndi adzukulu anu.

Kanjira kabwino sikafuna zambiri. Palani udzu ndi dothi lapamwamba, mutsendere pansi, muyale njerwa zootcha kapena miyala yophwanya yochokera kutali ndi migodi. Mchenga ukhale wa kumtsinje, koma wa kumtunda kwa malo amene anthu amatsukirapo golide, osati kumunsi. Wangolo kapena wathirakitala akabwera nawo, mufunseni kuti, "Akulu, mwautapa pati?" Akayamba kuzungulira, ubwerere. Kanjirako katsetsereke kuchoka kuchipupa, pafupifupi masentimita awiri pa mita iliyonse, kuti madzi asakaime pa maziko n'kuitana chiswe.

Ngati mwayala kale, musasese pouma. Thirani madzi kuti fumbi ligone, tsekani pakamwa ndi mphuno, mupale ndi fosholo n'kuthira m'matumba. Musakataye m'munda, kudzala la pakhomo kapena kumtsinje. Funsani a zaumoyo a kukhonsolo kapena a ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, kuti akuuzeni kokataya. Ana asayandikirepo kufikira mutamaliza, ndipo zovala zogwirira ntchitoyo muzichape padera. Mwana amene wakhala akusewera pamenepo, akayamba kudandaula m'mimba, kufooka, kukana chakudya kapena kukomoka, thamangani naye kuchipatala ndipo muwauze adokotala za dothilo, chifukwa zizindikirozi zimafanana ndi za malungo.

Nanunso ogula, musangoona utoto. Funsani komwe kunachokera dothi la pakanjira ndi pabwalo, mufunsenso anansi. A nyakwawa ndi a mipingo, chonde lengezani uthengawu pamisonkhano mvula isanagwe.