Mlandu suola, ngakhale kuthambo

Akuluakulu adati mlandu suola, ndipo imfa ya nyenyezi zikuluzikulu imawavomereza. Nyenyezi yolemera kuposa dzuwa kasanu ndi katatu kapena kupitirira, ikakalamba imayamba kutaya mpweya wa kunja kwake. Mpweyawo supita patali, umangoyenda pang'onopang'ono pafupi ndi mwini wake. Tsiku limene chikatikati cha nyenyeziyo chikomoka n'kuphulika, kuphulika kumene akatswiri amakutcha supernova, zidutswa zake zimathamanga pa liwiro la makilomita masauzande ambiri pa sekondi imodzi. Zotayidwa kale zija zimapezedwa m'njira.

Mboni yaikulu ndi supernova yotchedwa SN 1987A. Kuwala kwake kudafika padziko lapansi pa 23 Febuluwale 1987, ndipo katswiri wa zakuthambo Ian Shelton adaiona pa chithunzi chimene adajambula ku Las Campanas m'dziko la Chile. Idaphulikira mu Large Magellanic Cloud, kamtambo kotuwa ka nyenyezi kamene kamaoneka chakumwera usiku wopanda mwezi, ngakhale ku Malawi. Kuchokera kumeneko kuwala kumayenda zaka pafupifupi 168,000.

Zaka ngati 20,000 isanafe, nyenyeziyo idataya mpweya umene udaizinga ngati nkhata. Akatswiri ambiri amaganiza kuti nkhatayo idapangika nyenyezi ziwiri zitaphatikana. Nkhatayo idayamba kuoneka kung'anima koyamba kwa kuphulikako kutaiwalitsa, koma zidutswa zenizenizo zidatenga zaka zingapo kuti ziyifike. Mu 1997 makina oonera zakuthambo a Hubble adaonetsa kadontho kamodzi kowala kwambiri m'mphepete mwake. Kenaka kena, kenaka kena, mpaka nkhata yonse idasanduka ngati mkanda wa m'khosi. Kadontho kalikonse ndi malo amene zidutswa zidawomba mpweya wounjikana. Kuwombanako kudatenthetsa mpweya madigiri mamiliyoni, ndipo makina a Chandra adajambula ma X-ray ochokera pamenepo. Kuyambira cha m'ma 2009 madonthowo akuzilala, poti zidutswa zikuinyenya nkhata ija.

Anthu amakonda nkhani ya tsiku lophulikalo, koma phindu lenileni lidapita kwa amene adapitiriza kuyang'ana malo amodzimodziwo chaka ndi chaka. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpweya wotayidwa ndiwo mbiri ya nyenyezi: kutalikira kwake kumaulula nthawi imene udatayidwa, ndipo kuwala kwake kumaulula zimene zidali m'thupi la nyenyeziyo.

Nthawi zina mlandu suchedwa. Pa 19 Meyi 2023 Koichi Itagaki wa ku Japan, amene amasaka nyenyezi mwa chidwi chake chabe, adapeza SN 2023ixf mu gulu la nyenyezi la M101. Pounika kuwala kwake, akatswiri adaona mizere yopyapyala imene imasonyeza mpweya woyenda pang'onopang'ono pafupi penipeni ndi nyenyezi. Patangopita masiku ochepa mizereyo idazimiririka, zidutswa zitaumeza mpweyawo. Apa padadziwika kuti nyenyeziyo idataya mpweya wochuluka m'zaka zake zomalizira zenizeni.