Chenjezo kwa a ku Mongue: musapereke ndalama ya galimoto ya wachinyamata waulumali musanaone izi

Makolo, amalume ndi inu achinyamata aulumali a ku Mongue ndi boma lonse la Milange, imvani izi ndalama ya nandolo isanatuluke m'nyumba. Mtengo umene wogulitsa akukutchulirani si ndalama yonse imene galimotoyo idzadye isanayambe kuyenda mwalamulo.

Chimene chikukufulumizitsani tikuchidziwa. Mwana woyendera ndodo watopa ndi kunyamulidwa pokwera chapa, watopa ndi kuchonderera a njinga zamoto. Akufuna kudziyendera yekha, ndipo ndi ufulu wake. Koma kutopa kumeneko n'kumene akamberembere akudyerapo.

Samalani ndi galimoto yodzera pa chipata cha Muloza. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, galimoto za nambala ya ku Malawi zimaoneka zotchipa kwa munthu wogwira meticais. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto yotere imalowa ndi chilolezo cha masiku owerengeka basi. Kuti ikhale yanu kuno, muyenera kulipira msonkho ku Alfândega, kuphatikizapo IVA ya 16 peresenti, kenako ilembetsedwe nambala ya Mozambique. Mukagula ya kuno komwe, gwirani mapepala ake, livrete ndi título de propriedade, m'manja mwanu, dzina la wogulitsa ligwirizane ndi la pa chiphaso chake, ndipo wina agwade awerenge nambala ya chasisi pa galimoto penipenipo. Akati mapepala abwera mawa, ndalamanso ibwere mawa.

Chotiopsa kwambiri ndi zoyendetsera za m'manja. Amene miyendo yake sigwira amafunika galimoto ya otomatiki yoikidwa chogwirira choti buleki ndi moto aziziwongolera ndi dzanja. Chipangizochi sichibwera ndi Vitz kapena Passo yochokera ku Japan. Chimagulidwa padera, chimaikidwa ndi wodziwa, ndipo ndalama yake anthu amaiiwala. Ikatha ndalama, banja limathamangira kwa wowotcherera zitsulo pamsika kuti alumikize chitsulo cha bedi ku chopondera buleki. Chonde musatero. Powotcherera pamathyoka mwadzidzidzi, bawuti imamasuka ndi mabampu, chitsulo chimatha kukodwa moto uli woponda. Dalaivala wina akanapondereza ndi phazi. Mwana wanuyo alibe pothawira, ndipo kutsogolo kwake kuli ana asukulu ndi amayi osenza mitolo.

Carta, chiphaso choyendetsera galimoto, nayo siigulidwa kwa munthu pamsewu. Imatuluka ku bungwe la boma la INATRO munthu ataphunzira kusukulu yoyendetsa galimoto, atayezedwa ndi dokotala ndi kukhoza mayeso. Funsani msanga ngati sukuluyo ili ndi galimoto yoti mwana wanu angaphunzirepo, ndipo muwerengere ya mayendedwe ndi pogona ngati kudzafunike kupita ku Mocuba kapena ku Quelimane. Onjezani seguro (inshuwalansi), imene ndi yokakamiza, kuyezetsa galimoto, mafuta ndi matayala. Tara wa msewu wa Milange kupita ku Mocuba asakunamizeni. Misewu ya kumidzi kwathu ndi ya dothi, ndipo mvula ikagwa kagalimoto kotsika kamakhula pansi. Giyabokosi ya otomatiki ikafa, si makaniko aliyense angaitsegule.

Pomaliza, mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook onena kuti bungwe lina likugawa galimoto kwa aulumali, mungotumiza ya kalembera pa M-Pesa kapena e-Mola, afufuteni. Wina akakuuzani kuti msonkho wachotsedwa chifukwa cha ulumali, muuzeni akuonetseni kalata ya Alfândega ya chidindo, inu mukaitsimikize ku ofesi kwawoko pa Milange. Za ufulu wanu pansi pa lamulo la anthu aulumali la 2024 funsani mabungwe a anthu aulumali, FAMOD kapena ADEMO.

Mafumu, abusa ndi mashehe, lengezani uthengawu pa misonkhano ya sabata ino, ogula nandolo asanamalize kulipira.