ZA M'MAIKO AKUTALI: Kuyenda ndi Nyumba ya Mawilo ku Scandinavia

Wolemba Mtolankhani Wathu

Sabata ino danga lathu likupita nanu kumpoto kweni-kweni kwa Ulaya, ku maiko atatu ochedwa Scandinavia, amene ndi Denmark, Sweden ndi Norway. Kumeneko cisanu cikangotha m'mwezi wa May, m'miseu mumadzaza magalimoto oyera akulu-akulu amene m'kati mwace muli mabedi, mbaula ya gasi, firiji, thanki ya madzi ndi kacimbudzi. Angerezi amachula galimoto yotere kuti motorhome, a ku Norway amati bobil, a ku Sweden husbil, ndipo mau a eni dzikowa atanthauza galimoto yokhalamo. Banja limaibwereka ku kampani kwa masabata awiri kapena atatu, nkumayenda, kuphika ndi kugona momwemo.

Ena mwa ana athu amene ali pa nchito kapena pa maphunziro ku Ulaya amalakalaka ulendo wotere, ndipo ena amafuna kuitana makolo ao kucokera kuno kuti akaone nao. Ambiri amaganiza kuti popeza nyumba akuyenda nayo, ndipo sadzalipira hotela, ulendowo udzachipa. Apa ndi pamene anthu amagwera m'mbuna. Mtengo wobwereka galimoto ndi mutu cabe wa nkhani. Ndalama zimathera pa tinthu ting'ono-ting'ono timene sitilembedwa pa cikalata ca kampani, ndipo tina timabwera munthu atabwerera kale kwao.

Tiyambe ndi mapepala. Mzika ya Zambia imafunika visa ya Schengen, imene imalola munthu kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 ali onse. Visa imodziyo igwira nchito m'maiko onse atatu, ngakhale ku Norway imene siili m'bungwe la European Union. Kuyambira mu June 2024 munthu wamkulu amalipira mayuro 90, ndipo ayenera kuonetsa inshuwalansi ya cipatala yofika pa mayuro 30,000. Visa imapemphedwa ku dziko limene mudzakhalako masiku oculuka. Woyendetsa akhale ndi laisensi yace ya kuno pamodzi ndi laisensi ya maiko onse. Dziwaninso kuti maiko atatuwa sagwiritsa nchito yuro. Liri lonse liri ndi ndalama yace-yace, ndipo ngakhale zonse zimachedwa makrona, krona ya ku Sweden simungagulire nayo buledi ku Norway. Ndiponso masitolo ambiri a ku Sweden amakana ndalama za m'manja. Amafuna khadi la ku banki.

Posankha galimoto pali manambala awiri oyenera kuwaloweza. Yoyamba ndi makilogalamu 3,500. Laisensi wamba ya galimoto yaing'ono imalekera pamenepo, ndipo kulemerako kumawerengedwa pamodzi ndi anthu, madzi ndi katundu. Yaciwiri, imene anthu ambiri saiganizira, ndi mamita 6. Pa maulalo akulu ndi pa zombo zoolotsa magalimoto, mtengo umatsata utali wa galimoto. Yosapitirira mamita 6 imalipira monga galimoto wamba. Ikangopitirira, ngakhale ndi cikhatho cimodzi, imalowa m'gulu lina lokwera mtengo. Njinga zomangidwa kumbuyo nazonso zimawerengedwa pa utaliwo. Comweco banja limene lasirira galimoto ya mamita 7 cifukwa ca bedi lalikulu lidzalipirira mita imodziyo pa ulalo uli wonse ndi pa combo ciri conse mpaka ulendo utatha. Ife tikuona kuti anthu awiri kapena atatu angacite bwino kupanikizana pang'ono m'galimoto yaifupi.

Musanasaine kanthu, funsani mafunso anai. Kodi cikole ndi zingati? Makampani amatsekera ndalama zambiri ndithu pa khadi lanu mpaka mutabweza galimoto, ndipo ndalamazo simungazigwire pa ulendo wonse. Kodi makilomita ali ndi malire? Kodi zofunda, mbale, gasi ndi kutsuka galimoto ziri m'kati mwa mtengo? Nanga mukaisiya ku mzinda wina? Kubwereka ku Copenhagen nkukasiya ku Oslo kumakhala ndi mtengo wace waukulu, cifukwa cace ulendo wozungulira nkubwerera pomwe munayambira ndiwo wanzeru. Mtengo umakweranso kwambiri mu July, pamene eni dziko ali pa chuthi. Kumayambiriro kwa June kapena kumapeto kwa August kumachipako.

Tsopano nkhani ya mtunda, imene ndiyo yaikulu. Pa mapu maikowa aoneka ngati oyandikana, koma Norway ndi Sweden ndi atali modabwitsa. Kucokera ku Oslo kukafika ku Nordkapp, cithanthwe ca kumpoto kumene dzuwa sililowa kuyambira pakati pa May mpaka kumapeto kwa July, pali makilomita pafupi-fupi 2,000. Mtunda umenewu uposa katatu wa Lusaka kukafika ku Chipata, ndipo kumbukirani kuti pali kubwerera. Munthu wa masabata awiri amene waika mtima pa Nordkapp adzathera chuthi cace conse pa ciongolero, akuona mseu wokha-wokha. Ku Norway liwiro lololedwa kunja kwa matauni ndi makilomita 80 pa ola pokhapo zikwangwani zitanena zina, ndipo m'miseu yokhota-khota ya m'mapiri galimoto yaikulu siifika ngakhale pamenepo. Mseu wa E39 wa m'mbali mwa nyanja, wocokera ku Kristiansand kukafika ku Trondheim, uli ndi makilomita pafupi-fupi 1,100, koma umadya maola oposa 20 cifukwa umadukizidwa ndi zombo kasanu ndi kawiri.

Ulendo wokwanira masabata atatu ungakhale wotere: kucoka ku Copenhagen, kuolokera ku Sweden, kudzera ku Gothenburg mpaka ku Oslo, kukwera mapiri kunka ku Bergen ndi kubwerera, kenaka ku Stockholm ndi kutsikiranso ku Copenhagen. Zonse pamodzi zimayandikira makilomita 3,000. Galimoto yotere imamwa malita 10 mpaka 12 a dizilo pa makilomita 100, ndiye kuti mufunika malita 300 mpaka 360. Tiyerekeze kuti lita imodzi ndi makrona 20: dizilo yekha adya makrona 6,000 mpaka 7,200. Mtengo weni-weni muufunse sabata yonyamuka, pakuti umasintha-sintha, koma masamu ace ndi omwewa. Pa njira imeneyi, Mzambia akafika ku Stockholm angapatuke makilomita 70 kunka ku Uppsala. Kumeneko ndi kumene kuli manda a Dag Hammarskjöld, Mlembi Wamkulu wa bungwe la United Nations amene anafa pa ngozi ya ndeke pafupi ndi Ndola mu September 1961. Pa dizilo yense wa ulendowu, ameneyu ndiye sitingamudandaule.

Ife kuno tinazolowera kuima pa cipata ca msonkho wa mseu, kupereka ndalama ndi kulandira lisiti. Ku Norway kulibe woimitsa munthu. Makamera amajambula nambala ya galimoto mukudutsa, pa njira yochedwa AutoPASS, ndipo pa zombo zambiri ndi cimodzi-modzi. Munthu amayenda mosangalala poganiza kuti miseu ndi yaulere, osadziwa kuti ngongole ikuunjikana. Mizinda ya Stockholm ndi Gothenburg nayonso imadula msonkho kwa olowa ndi oturuka pa masiku a nchito, ndipo kuyambira 2015 ngakhale magalimoto a kunja amalipira. Ku Denmark miseu ya magalimoto ang'ono ndi yaulere, koma maulalo awiri akulu ndi okhoma: wa Storebælt, wa makilomita 18, umene unatsegulidwa kwa magalimoto mu 1998, ndi wa Øresund wolumikiza Copenhagen ndi Malmö, wotsegulidwa mu 2000. Pa Øresund galimoto yopitirira mamita 6 imalipira pafupi-fupi kawiri mtengo wa yaing'ono. Amene anaona ulalo wathu wa Kazungula, wosakwana kilomita imodzi, aganizire njira ya makilomita 16 imene mbali yace ina imadzera pansi pa nyanja. Cosangalatsa ncakuti mseu woboola phiri wa Lærdal, wa makilomita 24.5, umene uli pa njira ya Oslo ndi Bergen, ndi wosalipiritsa.

Nanga pogona? Alendo ambiri amamva za ufulu wochuka wa ku Norway ndi Sweden wolola munthu ali yense kuyenda ndi kugona m'thengo la mwini, nkuganiza kuti adzagona kwaulere usiku uli wonse. Ufuluwo ulipodi. Lamulo la ku Norway la mu 1957 limalola munthu kumanga tenti pa malo osalimidwa kwa masiku awiri, malinga akhale mamita 150 kucokera pa nyumba yokhalamo anthu. Koma ufulu umenewu ndi wa woyenda pansi, si wa mawilo. Maiko onse awiri amaletsa kulowetsa galimoto m'thengo, ndipo m'malo ambiri okongola anaikamo zikwangwani zoletsa kugona. Ku Denmark ufulu wotere kulibe. Kuima usiku umodzi pa malo opumulira pambali pa mseu kumatheka m'madera ambiri a Norway ndi Sweden, koma walira mvula walira matope: batire imatha, madzi amatha, ndipo kacimbudzi kamadzaza pa masiku awiri kapena atatu. Zonyansazo zimatayidwa pa malo oikika okha, osati m'ngalande kapena m'thengo. Wolemba bajeti mwanzeru awerengere malo olipira a msasa usiku umodzi pa mausiku awiri ali onse, ndipo akumbukire kuti magetsi, ndipo nthawi zina ngakhale madzi otentha osamba, amalipiridwa padera.

Pa cakudya ndi pamene galimotoyi imabwezadi ndalama, malinga muziphika nokha. Kudya m'malesitilanti ku Norway kungathe thumba pa masiku owerengeka. Eni dziko omwe amaoloka malire kukagula nyama ndi zina ku Sweden, m'matauni monga Strömstad, cifukwa kumachipa. Inunso dzazani firiji musanalowe m'Norway, koma mufunse malire a katundu wololedwa pa kasitomu. Masitolo akulu a ku Norway amatseka pa Sondo. Madzi a pa mpopi ndi abwino kumwa konse-konse, kotero kugula a m'botolo nkutaya ndalama. Mabotolo ndi zitini za zakumwa musataye. Zimabwezedwa ku sitolo nkulandira tindalama. Wodziwa mbedza adzakondwa kumva kuti kuwedza m'nyanja ya mcere ku Norway ndi kwaulere, pamene m'mitsinje ndi m'nyanja za m'kati mufunika cilolezo. Cina cobvuta ndi botolo la gasi: la dziko lina kawiri-kawiri silisinthidwa m'dziko linzace, ndipo pakamwa pace pamasiyana. Nyamukani ndi lodzaza.

Malamulo a pa mseu nao alowe m'bajeti, pakuti faindi imodzi ya liwiro ku Norway imafika makrona zikwi zingapo. Kumeneko amayenda kumanja kwa mseu, osati kumanzere monga ife. A ku Sweden anali kumanzere mpaka pa 3 September 1967 pamene dziko lonse linasintha tsiku limodzi. Nyali za galimoto zimayaka usana ndi usiku. Pa za mowa, muyeso wololedwa ku Norway ndi Sweden ndi wocepa kwambiri kotero kuti botolo limodzi lingakugwetseni m'mlandu. Cenjeraninso ndi nyama yochedwa elg, yaikulu ngati nchefu, imene imadumphira mu mseu madzulo ndi m'mamawa. Mukaigunda, cikole cija capita, ngati moyo wapulumuka. Miseu ina ya pamwamba pa mapiri, monga wa Sognefjellet umene umakwera mamita 1,434, imatsekedwa ndi cipale miyezi yonse ya cisanu ndipo imatsegulidwa ca m'ma May. Ngakhale mu July usiku wa m'mapiri umazizira kuposa June wa ku Lundazi, kotero majuzi asatsale.

Polemba bajeti yonse, ndalama ya dziko liri lonse ikhale pa tsamba lace, ndipo pansi pace muonjezepo gawo limodzi mwa magawo asanu la zadzidzidzi. Mukabweza galimoto musafulumire kutseka khadi kapena kugawa zotsala. Misonkho ija ya makamera imayamba yapita ku kampani yobwereketsa, ndipo kampaniyo imadzaidula pa khadi lanu patapita masabata, nthawi zina miyezi, itaonjezapo kace ka nchito yolemba.