Nkhokwe yatsopano ya mlimi ikufunika chitseko

Alimi anzathu, tikakolola chimanga palibe amene amatiuza chochita. Timatonola, kuyanika, kuthira mankhwala a anankafumbwe, kusoka matumba ndi kukhoma chitseko. Koma masiku ano mlimi ali ndi nkhokwe ina imene ambiri mwa ife taisiya yosatseka. Mu nkhokwe imeneyi muli mayina athu, nambala za zitupa za unzika, nambala za foni, kukula kwa minda yathu, makilogalamu amene tagulitsa ndi ngongole zimene tili nazo. Zonsezi zili m'makompyuta ndi m'mafoni, ena athu, ena a makampani ogula mbewu, ena a boma. Maganizo athu ndi akuti kaundula ameneyu ndi chuma cha mlimi, ndipo ayenera kutetezedwa kwa adani awiri: wakuba amene amalowa mobisa, ndi wamphamvu amene amasuzumira popanda chilolezo.

Zimene tidaona ndi maso athu

Pamene tinkagwira ntchito ya ulangizi, tidathandizapo kopaletivi ina ya alimi a soya ndi mtedza imene idalandira kompyuta kuchokera ku pulojekiti ina. Tsiku lolandira kudali nthungululu. Mlembi adapinda buku lolemba pamanja n'kuliika m'katoni, zonse n'kuyamba kuzilemba mu kompyuta.

Nyengo yogulitsa itafika, mlembiyo adatenga fulashi kupita nayo pa tawuni kukasindikiza kalata pa malo ena otayipira makalata. Atabwerako adailowetsa mu kompyuta ya kopaletivi. M'mawa mwake mafayilo onse adakana kutseguka. Mndandanda wosonyeza kuti uje adabweretsa matumba angati udapita, chonsecho wogula adali atanyamula kale katundu pa ngongole. Ndalama zitabwera, kugawana kudasanduka nkhondo. Mayi wina wamasiye amene adataya malisiti ake adalandira zochepa kuyerekeza ndi thukuta lake, ndipo padalibe poonetsa umboni. Anthu adayamba kuloza chala mlembi kuti wadya ndalama, pamene mwana wa eni akeyo sadatengepo ngakhale tambala. Chaka chotsatira makalabu ena adatuluka m'kopaletivimo. Sitidagonje chifukwa cha chilala kapena mbozi. Tidagonja chifukwa cha kachinthu kochepa ngati chala.

Kodi vairasi ya kompyuta n'chiyani?

Vairasi ya kompyuta si matenda ongogwa okha ngati chimfine. Ndi pulogalamu yoipa imene munthu wina adailemba dala. Ina imangowononga mafayilo. Ina imakhala chete n'kumaba mapasiwedi. Ina imatseka mafayilo onse, eni ake n'kumafuna dipo kuti atsegule. Ndiye pali ina yaukazitape imene imawerenga mauthenga, kumvetsera zokambirana, ngakhale kuyatsa kamera ya foni mwini wake osadziwa. Yotchuka mwa imeneyi ndi Pegasus, yopangidwa ndi kampani ya NSO Group ya ku Israel, imene mu 2021 atolankhani adaulula kuti maboma ena ankaigwiritsa ntchito pa atolankhani ndi omenyera ufulu wa anthu.

Njira zimene imalowera timazidziwa tonse: fulashi yoyenda m'makompyuta ambiri, memore khadi yoikitsa nyimbo ndi mafilimu pa msika, mapulogalamu okopera mwakuba, ndi uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti dinani apa mulandire feteleza waulere kapena ngongole yopanda chikole. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tisaganize kuti zimenezi zimangogwera osaphunzira. Mu May 2017 vairasi ya WannaCry idagwira makompyuta m'maiko oposa 150, mpaka zipatala za ku Britain zidabweza odwala. Kuno kwathu, mu February 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira ziphaso zoyendera adalowereredwa ndi anthu amene ankafuna dipo, ndipo kusindikiza mapasipoti kudaima kwa milungu ingapo. Ngati zidachitika ku nthambi ya boma yokhala ndi akatswiri, kuli bwanji kompyuta ya asosiyeshoni yathu imene mwana wa tcheyamani amaonerapo mpira madzulo?

Nkhokwe yaikulu ili m'manja mwa boma

Kompyuta ya kopaletivi ndi kankhokwe kakang'ono. Yaikulu ili ku boma. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau lidalemba Amalawi oposa 9 miliyoni, kutijambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala. Mu 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Mu 2020 ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP idayamba kugwiritsa ntchito chitupa cha unzika m'malo mwa makuponi a mapepala. Choncho dzina la mlimi, nkhope yake, foni yake, mudzi wake ndi thumba lake la feteleza zidamangidwa pa chingwe chimodzi.

Ife sitikutsutsa chitukuko chimenechi. Tikukumbukira mayina a anthu omwalira ndi midzi yongopeka imene inkalandira makuponi. Tikudziwanso ubwino wolandira ndalama za mbewu pa Airtel Money kapena Mpamba m'malo moyenda ndi mpukutu wa ndalama pa kabaza. Koma walira mvula walira matope. Chingwe chimene chimathandiza kupeza mlimi weniweni n'chomwechonso chingathandize kupeza mlimi amene wayankhula zosakomera akuluakulu.

Makolo athu akudziwa bwino zimene tikunena. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi munthu sankalowa mu msika kapena kukwera basi popanda khadi la chipani, makalata ankatsegulidwa, ndipo munthu ankayang'ana kumbuyo asanayankhule pa mowa. N'chifukwa chake olemba malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 adaikamo gawo 21, limene likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo likuletsa kulowerera m'makalata ndi m'zokambirana za pa lamya. Ufulu umenewu sudabwere ngati mphatso. Anthu adauvutikira.

Komabe zaka zapitazi zatipatsa zifukwa zokhalira maso. MACRA idagula makina otchedwa CIRMS, amene anthu adawapatsa dzina loti makina aukazitape. Bungweli linkati cholinga chake n'kuona ngati makampani a lamya akugwira ntchito bwino ndi kupereka ndalama zoyenera ku boma, koma nkhaniyi idazungulira m'makhoti kwa zaka chifukwa nzika zinkaopa kumvetseredwa. Mu 2016 kudabwera lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo kuchokera nthawi imeneyo anthu wamba akhala akumangidwa chifukwa cha zimene adalemba pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mu April 2022 apolisi adagwira mtolankhani Gregory Gondwe, kumulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa amene adamutsina khutu pa nkhani imene adalemba. Kumayambiriro kwa 2025 kudamvekanso za MACRA kugula makina ena otsatira zimene anthu akulemba pa masamba a mchezo, ponena kuti ikufuna kuthana ndi nkhani zabodza, ndipo mabungwe omenyera ufulu adadandaula.

Wina angafunse kuti nanga zimenezi zikumukhudza bwanji mlimi wa ku mudzi. Zikumukhudza chifukwa misonkhano yathu yambiri lero ikuchitikira pa foni. Ndi pa magulu a WhatsApp pamene timauzana kuti venda wakuti sikelo yake ndi yobera, kuti feteleza sadafike pa depoti, kuti mtengo umene boma lidalengeza palibe akuutsata. Mlimi akayamba kuganiza kuti kudandaula kwake kungachotsetse dzina lake pa mndandanda wa zipangizo, adzakhala chete ngakhale palibe wamuopseza. Ndipo bungwe la alimi osayankhula ndi bungwe lakufa.

“Ngati sudalakwe ukuopa chiyani?”

Funso limeneli timalimva kawirikawiri, ngakhale kwa alimi anzathu. Yankho lathu n'lakuti nyumba iliyonse ili ndi chitseko, ngakhale ya munthu wopemphera. Kutseka chitseko si umboni wa mlandu. Mlimi safuna kuti venda adziwe kuti ali ndi ngongole yofunika kubweza mawa, chifukwa akadziwa amutsitsira mtengo. Mayi safuna kuti mudzi wonse udziwe tsiku limene walandira ndalama za fodya.

Tikuvomereza kuti boma liyenera kugwira akuba. Ndife amene tikuberedwa ndi anthu oimba foni monamizira kuti ndi ogwira ntchito ku kampani ya lamya, kapena otumiza uthenga woti tumizani ndalama ija pa nambala iyi. Koma tidauzidwa kuti kulembetsa masimu khadi kuthetsa umbava umenewu, ndipo mauthengawo akubwerabe mpaka lero. Izi zikutiphunzitsa kuti kuunjika mbiri ya anthu onse si kumene kumagwira wakuba. Wakuba amagwidwa ndi wapolisi wodziwa ntchito, amene watenga chilolezo ku khoti kuti afufuze munthu mmodzi amene akumuganizira. Sitiotcha munda wonse pofuna mbewa imodzi.

Lamulo lilipo, tiligwiritse ntchito

Mu 2024 lamulo loteteza mbiri ya anthu la Data Protection Act lidayamba kugwira ntchito. Lamuloli likuti wotenga mbiri ya munthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka, anene chimene akufuna kuchita nayo, asaigwiritse ntchito ina, ndipo aisunge motetezeka. Likupatsanso munthu ufulu woona zimene zalembedwa za iye ndi kukonzetsa zolakwika. Ili ndi lamulo labwino. Nkhawa yathu ndi yakuti udindo wolilondera udaperekedwa ku MACRA, bungwe lomwe lija logula makina otsatira anthu. Mlonda wa nkhokwe asakhale yemweyo wofuna kusuzumiramo.

Kotero tikupempha aphungu athu ndi boma zinthu izi. Choyamba, pakhale bungwe loima palokha loyang'anira lamuloli. Chachiwiri, pasakhale kumvetsera foni kapena kulanda kompyuta ya munthu popanda chilolezo cha khoti. Chachitatu, mndandanda wa alimi olandira zipangizo usapezeke m'manja mwa chipani chilichonse cha ndale, cholamula kapena chotsutsa. Chachinayi, makina a boma kapena a kampani akalowereredwa, eni mayina auzidwe msanga m'chinenero chimene amamva. Chachisanu, lamuloli limasuliridwe m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zina, ndipo lifotokozedwe pa wailesi.

Mbali yathu ngati alimi

Sitingaloze boma chala pamene chitseko chathu chili chosatseka. Lamuloli likukhudzanso makopaletivi ndi maasosiyeshoni athu, poti nafenso timasunga mbiri ya mamembala. Pa msonkhano wotsatira wa komiti tigwirizane izi:

1. Buku lolemba pamanja lisatayidwe. Chilichonse cholembedwa mu kompyuta chikhalenso m'buku, ndipo membala aliyense asunge malisiti ake.

2. Sabata iliyonse mlembi akopere mafayilo pa fulashi yapadera imene silowa mu kompyuta ina iliyonse, ndipo isungidwe ndi msungichuma, osati mu ofesi momwemo. Mbewu sitisunga m'thumba limodzi.

3. Kompyuta ya bungwe ndi ya ntchito za bungwe basi. Mafilimu, masewero ndi mafulashi a alendo ayi.

4. Pulogalamu yoteteza ku mavairasi izikhala yoyatsa ndipo izilandira zatsopano pa intaneti. Windows ili nayo kale yaulere yotchedwa Microsoft Defender. Tidziwenso kuti kampani ya Microsoft idasiya kukonza Windows 7 mu January 2020, ndipo chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 chidatha mu October 2025. Amene tili ndi makompyuta akale tifunse odziwa.

5. Nambala ya chinsinsi ya foni ndi ya mwini wake yekha. Isaperekedwe kwa ejenti, kwa woimba foni, ngakhale kwa mlangizi. Isakhale chaka chobadwa kapena 1234.

6. Chitupa cha unzika si chikole ndipo si malonda. Amene adapereka zitupa kwa mavenda nthawi ya feteleza adagulitsa zoposa thumba limodzi, chifukwa ndi chitupacho munthu angathe kulembetsa simu khadi m'dzina lanu n'kukaba nayo.

7. Wobwera ndi mafomu kapena foni kudzalemba mayina ndi kuyeza minda tizimufunsa: mwachokera kuti, mayinawa mukupita nawo kuti, aziwaona ndani? Safunsa adadya phula. Mlembi asapereke mndandanda wa mamembala kwa wina aliyense komiti isanavomereze.

Alimi anzathu, tidaphunzira kubzala phando limodzi mbewu imodzi, tidaphunzira kupanga manyowa, tidaphunzira kuwerenga sikelo kuti asatibere. Izinso tingaphunzire. Nkhaniyi tiitengere ku makalabu athu mwezi uno, ndipo phungu wa dera lathu akabwera kudzacheza nafe, tisangomufunsa za mlatho ndi feteleza. Timufunsenso kuti mayina athu ali m'manja mwa yani, ndipo akuwalondera ndani.