Mawu ake tinawavinira, mwini wake tinamuthamangitsa

Mu 2015, m'mabala ndi m'mathekisi a ku Johannesburg munkamveka nyimbo yotchedwa We Dance Again, imene Black Coffee anajambula ndi woimba wina wachinyamata, Nakhane Touré. Anthu anaivina mpaka thukuta kamukamu. Patangotha zaka ziwiri, anthu a m'dziko lomwelo anayamba kumutumizira woimbayo mauthenga omuopseza kuti amupha. Mawu ake anali omwe aja, osasintha ngakhale pang'ono. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano zinali zosatheka kunamizira kusadziwa kuti iye ndani.

Nakhane anabadwa mu 1988 ku Alice, m'chigawo cha Eastern Cape, kwa Axhosa, ndipo anakulira ku Port Elizabeth, mzinda umene lero ukutchedwa Gqeberha, pakati pa anthu oimba kwaya. Anali Mkhristu wolimbikira, ndipo kwa zaka zingapo ankapemphera kuti Mulungu amuchotsere chikondi chimene ankamva pa amuna anzake. Chikondicho sichinachoke. Chimbale chake choyamba, Brave Confusion, chinatuluka mu 2013 kudzera ku kampani yoima payokha ya Just Music, ndipo chaka chotsatira chinapata mphoto ya SAMA. Nyimbo zake sizinkabisa kanthu. Koma nyimbo ili ndi ubwino umodzi kwa munthu wachiphamaso: akhoza kutsata ng'oma n'kusiya mawu kuti angodutsa.

Buku silipereka mpata wotero. Mu 2015 momwemo, Nakhane anatulutsa nthano yaitali, Piggy Boy's Blues, yosindikizidwa ndi BlackBird Books, kampani imene Thabiso Mahlape anayambitsa kuti olemba achikuda apeze pofalitsira nkhani zawo. M'bukumo mnyamata wotchedwa Davide amachoka mumzinda kubwerera ku Alice, kukakhala kwa mbale wake wamkulu amene amakhala nyumba imodzi ndi mwamuna wina. Muli mbiri ya banja lachifumu, muli chipembedzo, muli chilakolako ndi nkhanza zimene anthu a pabanja amaziona koma osazitchula. Nkhaniyi sikuchitikira ku Ulaya. Ikuchitikira kumudzi, kumene amati zotere kulibe. Nanga bwanji panalibe amene anachita zionetsero? Yankho lake n'lochititsa manyazi: alonda a chikhalidwe sawerenga mabuku a ana awo.

Anadzadzidzimuka mu 2017, pamene kanema wa Inxeba, wotsogoleredwa ndi John Trengove, anatuluka. Nakhane anasewera ngati Xolani, namkungwi wosamalira anyamata ku mdulidwe wa Axhosa, amene mobisa amakondana ndi namkungwi mnzake. Kunja kanemayu anatamandidwa, mpaka anafika pa mndandanda wa makanema asanu ndi anayi opikisana pa Oscar ya makanema a zinenero zina. Kwawo, malo ena oonetsera makanema anasiya kumuonetsa poopa chiwawa. Mu February 2018, bungwe la mafumu la Contralesa ndi ena atadandaula, kanemayu anaikidwa m'gulu la X18, gulu la makanema olaula. Zinatengera khoti lalikulu la ku Pretoria kuti chigamulocho chithetsedwe.

Odandaulawo ankati zinsinsi za kuphiri zaululidwa, ndipo dandaulo limeneli sindilipeputsa. Amene tinakulira pafupi ndi dambwe kapena simba tikudziwa kuti pali zinthu zosakamba pabwalo, ndipo munthu amene amazigulitsa kwa alendo amakhala wadula mtengo umene wakhalira. Koma tiyeni tifunse bwinobwino. Nelson Mandela, m'buku la moyo wake la mu 1994, anafotokoza mdulidwe wake mwatsatanetsatane, ndipo bukulo lili m'masukulu ndi m'malaibulale padziko lonse. Ndani anamuopseza? Chaka ndi chaka anyamata amafera ku mdulidwe ku Eastern Cape chifukwa cha zilonda zonyeka ndi kusowa madzi m'thupi, nyuzipepala n'kulemba, makolo n'kulira. Ndi kangati mkwiyo wa imfa zimenezi unatseketsa khomo la malo aliwonse? Chinsinsi chimene chinawawa anthu sichinali cha mpeni. Chinali chakuti pakati pa amene anapita kuphiri, napirira ululu wonse, natsika akutchedwa amuna, pali ena okonda amuna anzawo. Nakhane mwiniwake anapitako kuphiriko. Sanali mlendo wosuzumira pa mpanda.

Kenako anasamukira ku London. Kuchokera m'nyengo yoopsezedwayo kunatuluka chimbale cha You Will Not Die mu 2018, kenako Bastard Jargon mu 2023. Anasiya dzina la Touré, limene anatenga polemekeza Ali Farka Touré wa ku Mali, ndipo amati sadzitcha mwamuna kapena mkazi. Azungu amavutika nazo posankha mlowam'malo womutchulira; ife tili ndi "iye", Axhosa ali ndi "yena", mawu osafunsa za m'kabudula wa munthu.

Izi zinachitika m'dziko limene malamulo ake aakulu a mu 1996 amaletsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda, ndipo maukwati a anthu otere ndi ololedwa kuyambira 2006. Ife a ku Malawi tisaseke. Kwathu kuno mlandu wake ndi zaka mpaka 14 m'ndende, ndipo mu June 2024 khoti linakana kuthetsa lamulolo. Mwana wa ku Dedza kapena ku Chipata amene ali ndi mawu ngati a Nakhane akuimba kwaya Lamulungu likubwerali, ndipo tidzamuombera m'manja. Kope limene amalembamo usiku ali nalo pansi pa mphasa.