Lamulo Lilipo, Zikusowa ndi Mboni

Sabata ino tikutsutsa mawu amene timawamva kawirikawiri tikatuluka mu Misa, onena kuti dziko la Malawi lilibe lamulo loteteza nyumba za Mulungu, choncho Akhristu tidziteteze tokha. Mawu amenewa ndi abodza, ndiponso ndi oopsa.

Mabala tili nawo, sitikukana. Mu June 2003, boma litapereka m'manja mwa Amerika alendo asanu owaganizira kuti anali a Al-Qaeda, chipolowe chinabuka m'tauni ya Mangochi, matchalitchi anaphwanyidwa, mpaka kunabwera asilikali. Mu 2020, pa mkangano wa hijabu, ofesi ya mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya Katolika ya Mpiri ku Machinga, m'dayosizi yathu yomweyi, inatenthedwa.

Komatu tsegulani buku la malamulo a milandu, Penal Code. Ndime 127 imalanga wowononga kapena kudetsa malo opembedzerapo. Ndime 128 imalanga wosokoneza mapemphero. Wotentha nyumba mwadala, malinga ndi ndime 337, angathe kukhala m'ndende moyo wake wonse. Nanga tikufunanso lamulo lotani?

Chimene chimasowa ndi pakamwa pathu. Wotentha nyumba sagwa ndi mvula. Ali ndi dzina, ali ndi mudzi, ndipo amene anamuona atanyamula petulo alipo. Koma apolisi akafika, tonse timasanduka alendo, ati posunga mtendere. Mgwirizano umene atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu anasainirana mu 2021, mothandizidwa ndi Public Affairs Committee, tikuuyamika, pakuti unalola atsikana ovala hijabu kuphunzira m'sukulu za mipingo. Koma unali wokhudza chovala. Mlandu wa moto ndi wa khoti, ndipo khoti lopanda mboni silingamange munthu.

Tsono apa pali fupa lovuta kumeza. Ndime 127 sitchula tchalitchi chokha. Imatchinjiriza mzikiti mofanana. Mu November 2019, pa zipolowe za pa sukulu ya Anglican ya M'manga ku Balaka, mzikiti nawo unawonongedwa. Ife a kuno ku Makokola timagula usipa pa doko limodzi ndi abale athu Asilamu, timakwera nawo matola a ku Monkey Bay, ndipo ena mwa iwo ndi amalume athu enieni. Mnyamata wa m'kwaya yathu akadzagenda mzikiti, ife tikhale oyamba kukatchula dzina lake ku polisi, ngakhale atakhala woimba bwino kuposa tonse.